Kukonza kampu ya achinyamata ku Dedza ndi ku Ntcheu: kuyambira pa ufa mpaka pa umboni wa pakhomo

Kampu ya masiku 4 imafuna miyezi 3 yokonzekera. Komiti ikayamba kukumana kutatsala sabata ziwiri, nthawi yonse imathera pa kusaka nkhuni ndi kubwereka mapoto, ndipo ana amabwerera kwawo akusimba za njala ndi chisanu, Mawu a Mulungu atawadutsa. Malangizo awa ndi a atsogoleri a achinyamata pampingo, mapatironi a magulu achikhristu a ophunzira monga SCOM, CCAPSO kapena YCS m'masukulu a sekondale, ndi ophunzira amene asenzetsedwa ntchitoyi. Miyeso yonse tawerengera anthu 100, ofika Lachinayi masana n'kubalalika Lolemba m'mawa. Chiwerengero chanu chikasiyana, chulukitsani kapena chepetsani momwemo.

Nthawi ndi malo

Holide yaitali ya mu Ogasiti ndiyo imagwira bwino. Mayeso a MSCE amakhala atatha, mvula kulibe, ndipo chimanga chikadali m'matumba moti kholo lopanda ndalama litha kupereka ndowa. Ya mu Disembala ndi yovuta: matope, matenda otsekula m'mimba, komanso ana amafunika kumunda kukapalira. Pa Pasaka mipingo imakhala kale ndi misonkhano yake, abusa ndi akulu a mpingo simungawapeze. Chokhacho, Ogasiti yemweyo ndi mwezi wa zinamwali, ziliza ndi maukwati, choncho musanalembe tsiku pakalata funsani amfumu zimene zili m'mudzi sabata imeneyo.

Ku Chongoni kuli malo ophunzitsira a Sinodi ya Nkhoma otchedwa Namoni Katengeza, ndipo mamishoni akale ngati Mlanda, Gowa, Nzama, Bembeke ndi Mua ali ndi matchalitchi ndi masukulu amene eni ake mutha kukambirana nawo. Sukulu yogonera komweko ndiyo yopepuka chifukwa khitchini, mabafa ndi mpanda zilipo kale. Pulayimale ya masana imatheka, koma ntchito imachuluka kawiri.

Malo sasankhidwa pafoni. Anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, apite akaone ndi maso. Awerenge zimbudzi: pamafunika chimodzi pa anthu 20 aliwonse, za atsikana kwaokha, zotsekeka mkati. Apope mjigo mpaka adzaze ndowa 5 motsatizana. Ukayamba kutulutsa madzi a dothi kapena kuphwa pa ndowa yachitatu, sungapirire khamu. Munthu mmodzi amafuna malita osachepera 15 patsiku, kuphatikiza kumwa, kuphika ndi kusamba, ndiye kuti anthu 100 ndi zigubu 75 za malita 20 tsiku lililonse, pa mjigo umene amayi a m'mudzimo akutunganso. Gwirizanani ndi komiti ya mjigo maola anu otungira, apo ayi tsiku lachiwiri mukangana ndi anthu omwe mukufuna kukawalalikira mawa lake. Aonenso mtunda wa kuchipatala ndi malo pamene foni imagwira netiweki.

Zigawo za maboma awiriwa n'zosiyana. Kumtunda, ku Dedza boma, Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, usiku kumazizira kwambiri kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pakuti Dedza boma yokhayo ili pa mamita pafupifupi 1,600. Kutsika ku Mtakataka, Golomoti ndi chigwa cha Bwanje vuto ndi kutentha ndi udzudzu. Kalata yoitanira inene momveka: kumtunda bulangete ziwiri, juzi ndi masokosi, kuchigwa aliyense neti yake.

Komiti, makalata ndi ndalama

Anthu 7 ndi okwana: wapampando, mlembi, msungichuma, wa zakudya, wa zaumoyo ndi ukhondo, wa pulogalamu, ndi wa chitetezo. Kuwonjezera apo pakhale wamkulu mmodzi pa ana 10 aliwonse, amayi kwa atsikana, abambo kwa anyamata, ogona m'chipinda momwemo. Asankhidwe ndi mpingo kapena sukulu, anthu odziwika khalidwe lawo. Wongodzipereka yekha pa tsiku lomaliza musamupatse ana.

Makalata apite kutatsala milungu 6: kwa abusa kapena abambo mfumu, kwa ahedi a sukulu imene mukubwereka (iwo adzakuuzani ngati pakufunika chilolezo cha ku ofesi ya zamaphunziro paboma), kupolisi yapafupi, ndi kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kwa amfumu kalata yokha siyikwana. Mupiteko ndi mkulu wa mpingo wa komweko, mukafotokoze pamaso, mutchulenso tsiku limene ana adzayende m'makomo.

Malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wotero asakwere galimoto popanda fomu yosainidwa ndi kholo, yokhala ndi dzina, zaka, mudzi, nambala ya foni ya kholo, ndi matenda kapena mankhwala amene mwanayo amamwa. Mafomuwa asunge munthu mmodzi yekha, wa zaumoyo.

Pa bajeti werengerani mitengo ya sabata imene mukulembayo, n'kuwonjezera K15 pa K100 iliyonse, chifukwa zinthu zimakwera tsiku lisanafike. Ikani tsiku lotsekera kulipira, masiku 10 kampu isanayambe. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba atumize ku nambala imodzi, ndipo aliyense alandire lisiti. Lolani ena kupereka chimanga, nyemba kapena nkhuni, koma muyeze n'kulemba. Vuto lodziwika ndi la ana ongotulukira pageti opanda kalikonse, akuti abwera mwa chikhulupiriro. Kuwabweza n'kovuta, kuwalandira onse n'kudyetsa anzawo theka. Gwirizanani pasadakhale malo 5 kapena 10 olipiridwa ndi mpingo, ndipo akulu a mpingo atchule okha ana oyenera.

Pa mayendedwe, yendani masana, ndipo musadzaze ana pa lole yopanda zogwirira ngakhale mwini wake wapereka mwaulere. Ngati mukutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, funsani za mabuleki galimoto isananyamuke.

Chakudya

Nsima iphikidwa ka 7, phala ka 4. Wachinyamata mmodzi amadya ufa wa magalamu 200 pa nsima ndi 60 pa phala. Mukaphatikiza ophika ndi alendo, miyeso ili motere:

- ufa makilogalamu 180, omwe ndi matumba 4 a chimanga a makilogalamu 50 mukagaitsa mgaiwa, kapena matumba 6 mukafuna woyera, pakuti wambiri umapita ku madeya
- nyemba makilogalamu 7 pa kudya kumodzi
- soya wouma makilogalamu 3 pa kudya kumodzi
- kabichi wamkulu mmodzi pa anthu 8
- mafuta ophikira malita 2 pa kudya kumodzi
- shuga makilogalamu 3 m'mawa uliwonse, mchere makilogalamu 5 kampu yonse
- Lamulungu, ngati thumba lalola, mpunga makilogalamu 15 ndi mbuzi 2

Kabichi, tomato, anyezi ndi kachewere gulani chapikulitsa pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa Tsangano. Tomato mugule kawiri, Lachitatu ndi Loweruka, chifukwa dengu limodzi lalikulu limaola pansi pamwamba pakuoneka bwino. Nkhuni ngolo ziwiri zouma, zogula kwa anthu a mitengo yawo. Nkhalango za Chongoni ndi phiri la Dedza n'zotetezedwa, musatume ana kukatola kumeneko.

Nyemba ndizo zimachedwetsa pulogalamu koposa mlaliki aliyense. Kumtunda madzi amawira asanatenthe ngati a kunyanja, choncho nyemba zimachedwa kupsa. Zisankheni madzulo, ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, ndipo zikhale pamoto 6 koloko isanakwane ngati mukufuna kudya 12:30. Moto ukhale wa zikuni zazikulu, ndipo powonjezera madzi thirani otentha. Zotsala musazisiye mu dramu kuti mudye mawa. Dramu lodzaza limachedwa kuzizira, pakati pake zimasasa, ndipo m'mawa mzere wa kuchimbudzi umaposa wa kumapemphero.

Ophika akhale amayi 4 kapena 5 ozolowera kuphika pa maukwati ndi pa maliro, ndi anyamata amphamvu osinthana mthiko. Pogawa, itanani gulu ndi gulu, aliyense mitanda iwiri, zowonjezera pokhapokha onse atalandira. Mukangoti mzere umodzi, anyamata a Fomu 4 adzadya kawiri ana a Fomu 1 asanaone mbale. Makiyi a stolo asunge munthu mmodzi, ndi kope lolemba chilichonse chotuluka.

Madzi, chisanu ndi odwala

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye nkhani ya madzi si yochitira mwambo. Madzi akumwa akhale m'ndowa za mpopi zovindikira, othira WaterGuard monga zalembedwera pabotolo kapena klorini wochokera kwa mlangizi wa zaumoyo pa muyeso umene iye wanena, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Aliyense kapu yake. Pakhomo pa chimbudzi chilichonse ndi pamalo odyera ikani mpondagiya ndi sopo womangirira pa chingwe, apo ayi sopoyo asowa tsiku loyamba. Kumbani dzenje la zinyalala, mangani thandala la mbale. Mukakumba zimbudzi zowonjezera, zitalikire mjigo mamita 30 kapena kuposa.

Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona, zivute zitani. Ana akazizidwa amaibisa n'kutseka mawindo onse, ndipo mpweya wa makala ulibe fungo, umapha anthu ali m'tulo. Wa chitetezo ayendere zipinda zonse nyali zitazima. Pa simenti yalani udzu wouma kapena makatoni pansi pa mphasa, ndipo mawindo osweka mutseke ndi masaka dzuwa lisanalowe.

M'bokosi la mankhwala mukhale panado, Thanzi ORS (paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino), mabandeji, mankhwala otsukira mabala, magolovesi, ndi mapadi a atsikana okwanira, osungidwa ndi mayi. Mwana wotentha thupi apite kuchipatala kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Galimoto kapena njinga yamoto imodzi igone pamalopo ili ndi mafuta.

Pali lamulo limodzi loti mlaliki aliyense alimve asanagwire maikolofoni: palibe wouza mwana kuti asiye mankhwala chifukwa wapemphereredwa. Pakati pa ana 100 pamakhala ena a ma ARV, a khunyu ndi a mphumu. Apatseni mpata womwera mankhwala mosaonekera, ndipo asakakamizidwe kusala kudya. Mwana akagwa pa mapemphero a usiku, muchotseni pagulu, mugoneke chammbali, musamuike kanthu m'kamwa, itanani wa zaumoyo. Kupemphera sikuletsedwa, koma gulu lomuzinga likufuula limamutsekera mpweya, ndipo akadzuka amapeza dzina lake lafala kuti ali ndi ziwanda.

Pulogalamu

Kudzuka 5:30, aliyense payekha ndi Baibulo lake mphindi 20, phala 7 koloko, chiphunzitso chachikulu 8 koloko, magulu 10 koloko, nkhomaliro 12:30, masewero kapena maphunziro a umboni 2 koloko, kusamba 4:30 kusanazizire, mgonero 6 koloko, chitsitsimutso 7 koloko, zimbale zizime 9 koloko, nyali 10 koloko. Usiku umodzi wokha wochezera ungaloledwe, ndipo usakhale wotsogolera tsiku lopita m'makomo.

Sankhani mutu umodzi ndi buku limodzi lalifupi la m'Baibulo, monga Afilipi kapena 1 Yohane, loti lithe m'masiku 4. Alaliki awiri ndi okwana. Apatseni mutu, ndime ndi mphindi 40 mwa kalata, ndipo wosunga nthawi akhale munthu wosachita manyazi. Ntchito yeniyeni imachitika m'magulu a anthu 8 mpaka 10, osakaniza masukulu ndi mipingo, pamene mwana wa phee uja amafunsa chimene chamuvuta chaka chonse. Atsogoleri a magulu akhale ndi mafunso 4 olembedwa kale, ndipo aphunzire kutseka pakamwa akafunsa. Jenereta muiyese Lachitatu. Ikakanika, ng'oma ndi manja zilipo.

Kuphunzitsa umboni

Lachisanu masana lonse likhale la ntchito imeneyi, pakuti kutulutsa ana osaphunzitsidwa n'kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 77 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi Akhristu, ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Tanthauzo lake n'lakuti makomo ambiri amene ana adzafikeko dzina la Yesu analimva kale, ena ndi madikoni, ena ndi amayi a chigwirizano. Mwana wofika ngati wabweretsa nkhani yachilendo amasekedwa. Chimene angabweretse ndi khutu lomvetsera, ndime imodzi yowerengedwa bwino, ndi mbiri yake yoona.

Aliyense alembe umboni wake papepala, wa mphindi 3, m'zigawo zitatu: mmene ndinalili, chimene chinandifikitsa kwa Khristu, chimene chasintha. Kenako awiriawiri auzane, wina atagwira wotchi. Womvetsera afunse funso limodzi lokha: "Pamenepa ukutanthauza chiyani?" Funso limeneli limachotsa mawu a m'tchalitchi amene mwana amangowatchula osawamva, monga kudzoza, kumasulidwa, kapena kulowa mu nyengo yatsopano. Wonena kuti moyo wake unasintha atchule chinthu chogwirika: anasiya kubera mayeso, anakapepesa amalume ake, mantha a usiku anachepa.

Cholakwika chofala ndi ichi. Mwana wokulira m'banja lopemphera amaona ngati umboni wake ndi wozizira, ndiye amapeka za chamba, za uhule kapena za kuuluka usiku. Atsogoleri anene poyera kuti "ndinakulira mu Sande sukulu, koma ndinadzamvetsa ndili Fomu 2" ndi umboni wathunthu. Ndipo mu umboni musatchulidwe dzina la munthu wina, kaya chibwenzi chakale kapena wachibale.

Ndime zikhale zochepa, zoikidwa timapepala kuti mwana asamafufuze Aroma ku Chipangano Chakale agogo akudikira. Aroma 3:23, Aroma 6:23, Aroma 5:8 ndi Aroma 10:9 zimayenda motsatana, kuchokera pa tchimo kufika pa kuvomereza. Yohane 3:16 aliyense amaidziwa, ndipo Aefeso 2:8-9 imathandiza kwa munthu wodalira ntchito zake. Kwa wodwala kapena woferedwa yambani ndi Salimo 23 kapena Mateyu 11:28, za tchimo zidikire. Achikulire ambiri anazolowera mawu a Buku Lopatulika la 1922, pamene achinyamata amamva msanga Buku Loyera la 1998. Ngati pakhomopo pali Baibulo, pemphani kuwerenga lawolo. Kwa ana eni akewo, ndime yoti aloweze ndi 1 Petro 3:15, imene imatchula kufatsa ndi ulemu pamodzi ndi kukhala wokonzeka kuyankha.

Kulowa m'mudzi

Loweruka, kunyamuka 2 koloko, kubwerera 4:30. M'mawa anthu amakhala kudimba kapena kumsika. Mukasankha Lachisanu m'dera la Asilamu, kumbukirani kuti masana amakhala kumzikiti. Yesu anatuma ophunzira awiriawiri, koma ana a sukulu ayende atatu: awiri a pakampu ndi mmodzi wa mpingo wa komweko wodziwa njira, agalu ndi mabanja. Gulu lililonse lipatsidwe makomo 5 kapena 6 a mbali imodzi, lisapitirire malire ake, ndipo likhale ndi nambala ya mtsogoleri. Atsikana amange chitenje, anyamata avule zipewa.

Pofika, imani chapatali pabwalo.

"Odi kuno!"

"Odini, fikani."

Dikirani mphasa kapena mpando, khalani pansi, ndipo moni ayambe ndi eni khomo ngati ndi achikulire. Musalowe m'nyumba, khonde kapena pansi pa mtengo ndi pokwana. Moni asathamangitsidwe. Ukatha, mmodzi anene:

"Agogo, ife ndi ana a sukulu amene tasonkhana kusukulu kuja. Amfumu akudziwa za ulendo wathu. Timati ticheze nanu pang'ono za Mawu a Mulungu, ngati muli ndi mpata."

Akati ali otanganidwa, thokozani n'kupita. Mukawapeza akutong'ola chimanga kapena akusankha nyemba, tambasulani manja muthandize, nkhani imayenda bwino manja ali pa lichero. Funsani musanalalike: "Mumapemphera kuti, agogo?" "Pakhomo pano zikuyenda bwanji?" Yankho lake ndilo likuuzeni ndime yoti mutsegule. Mmodzi alankhule, wina asunge Baibulo, wachitatu acheze ndi ana kuti asasokoneze. Mphindi 20 zakwana. Musanapemphere pemphani: "Tingapemphere nanu? Tipempherere chiyani?" Musasanjike manja pa munthu amene sanapemphe.

Zoletsedwa zinenedwe mobwereza m'mawa wa tsikulo. Osanyoza mpingo wa munthu kapena kumukopera ku wanu: wa Katolika mulimbikitseni abwerere ku mphakati wake, wa CCAP kwa mkulu wa mpingo wa dera lake. Funso la Sabata ndi Lamulungu, kapena la ubatizo womiza ndi wowaza, silithera pakhonde, ndipo mwana anene mwaulemu kuti sanabwerere zimenezo. Pakhomo la Asilamu perekani moni, nenani chimene mwadzera, ndipo akalola kambani za chikhulupiriro chanu osanyoza chawo. Osalonjeza ndalama, fizi, feteleza kapena machiritso. Osauza munthu kuti matenda ake achokera kwa wachibale: kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 limene likugwirabe ntchito, ndipo okalamba aphedwapo m'dziko muno chifukwa cha mawu otere. Osajambula anthu popanda chilolezo.

Midzi yambiri ya ku Dedza ndi ya gule wamkulu. Kumanda ndi kudambwe sikopita, ngakhale njira yachidule idutse komweko. Mukakumana ndi gule panjira, patukani, khalani phee, osaloza, osajambula, osayamba kudzudzula mokweza. Mtsogoleri amene amatuma ana kukayesa mphamvu kumeneko amasiyira mpingo wa pamalopo mlandu umene udzakambidwe iye atapita kale. Mukapeza maliro m'mudzi, ulendo wa m'makomo wathera pomwepo. Akuluakulu a kampu apite kukakhala nawo pasiwa ndi chipepeso, ndipo zimbale zizime.

Funso lovuta lidzabwera, monga la mayi wofunsa chifukwa chimene Mulungu anatengera mwana wake. Mwana wa zaka 16 asapeke yankho. "Pepani mayi, ine sindikudziwa, koma ndingakhale nanu pang'ono, ndipo mukalola ndikauza abusa adzakuoneni" ndi yankho lokwanira, bola abusawo auzidwedi. Wofuna kuyenderedwanso alembedwe dzina ndi mudzi atavomera yekha.

Madzulo magulu akhale pansi mphindi 45. Musafunse kuti mwatembenuza angati, chifukwa funso limenelo limabala mabodza, ndipo gulu limene linakanidwa makomo atatu limaona ngati lalephera. Funsani chimene anamva, funso limene linawakanika, ndi munthu amene akufunika kumuonanso.

Kuitanira kutsogolo ndi uphungu

Usiku wa Loweruka kapena Lamulungu ambiri amaitanira kutsogolo ofuna kupereka moyo wawo. Chitani kamodzi, mwachidule, popanda kuopseza ndi ngozi za pamsewu wobwerera. Ana amatsatana ngati nkhosa, mnzake akaima nayenso amaima. N'chifukwa chake pamafunika aphungu okonzeka, mmodzi pa ana 5, oti afunse aliyense payekha chimene wadzera. Mtsikana alankhule ndi mayi, mnyamata ndi bambo, pamalo oonekera koma osamveka. Kuulula machimo pa maikolofoni kuletsedwe, chifukwa ana amenewa abwerera kusukulu imodzi.

Pa uphungu wotere ndi pamene mwana amaulula kuti wina akumugwiririra kapena akumukakamiza ukwati. Phungu asalonjeze kusunga chinsinsi chotere, asafunse mafunso ngati wapolisi, ndipo asaitane wonenedwayo kuti akhululukirane. Amvetsere, alembe mawu a mwanayo mmene wanenera, auze wapampando yekha, ndipo nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi yosamalira anthu paboma. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo ilembedwe pabolodi kuti ana onse aione.

Lolemba ndi milungu yotsatira

Musanabalalike perekani mphindi 30 zoti aliyense akhale yekha ndi kope. Alembe zinthu zitatu: chimene waphunzira chokhudza Mulungu pamodzi ndi ndime yake, chinthu chimodzi chimene achite sabata ino, ndi dzina la munthu mmodzi kwawo kapena kusukulu amene akufuna kucheza naye za chikhulupiriro. "Ndidzakhala woyera" si chinthu cholembeka. "Ndikabweza buku la laibulale limene ndinabisa" ndiye chogwirika. Wophunzira amene adzapereke lipoti kumpingo kapena ku SCOM atenge kuchokera m'kope lomweli, mphindi 5, ndipo asaiwale kutchula chimene chinamuvuta, chifukwa anzake amene sanapite amakhulupirira msanga lipoti lokhala ndi zovuta zake.

Maina a m'mudzi aperekedwe m'manja mwa akulu a mpingo wa komweko tsiku lomwelo, ogawidwa malinga ndi mpingo wa munthu aliyense, ndipo ayenderedwe milungu iwiri isanathe. Maina a ana amene anabwera kutsogolo apite kwa abusa awo kapena patironi wa kusukulu, kuti osabatizidwa alowe kalasi ndipo ena apatsidwe mnzawo wamkulu wowerenga naye Baibulo kamodzi pa sabata. Moto wa kampu umazilala pofika sabata yachitatu ya teremu, ndiye msonkhano woyamba wa gulu ukhale sabata yoyamba, tsiku lake lilengezedwe ana asanakwere galimoto. Gulu la WhatsApp limathandiza, koma ambiri mwa ana a kumudzi alibe foni, ndipo m'masukulu ogonera mafoni saloledwa.

Sukulu muisiye yosesa, madesiki abwerere m'makalasi, zimbudzi zokumba mukwirire, ndipo ahedi kapena mlonda ayendere nanu chipinda chilichonse musanapereke makiyi. Galasi losweka lipirani pomwepo. Ufa ndi nkhuni zotsala siyirani ophika kapena okalamba amene ana anawaona m'makomo, komiti itagwirizana n'kulemba. Lipoti la ndalama, ndi malisiti ake, liwerengedwe pamaso pa mpingo mwezi usanathe, ndipo kope la stolo lisungidwe kuti komiti ya chaka chamawa idzayambire pa miyeso yeniyeni ya ufa umene unadyedwa.